Makaseti a M'kabati ya Laibulale

Panali bambo wina amene ankayang'anira laibulale pa tauni ina yaing'ono. M'kabati yakuseri munali makaseti makumi asanu ndi limodzi. Kalekale anthu anazungulira midzi ya m'deralo n'kujambula mawu a akuluakulu akufotokoza mbiri ya mabanja, nyimbo za pamtondo ndi kasulidwe ka makasu. Onse ojambulidwawo anali atamwalira.

Chaka china laibulale inalandira makompyuta asanu, ndipo akomiti anagwirizana kuti kabatiyo ichoke papezeke malo.

"Makasetiwo tayani," anatero wapampando. "Ndani masiku ano ali ndi choimbira makaseti?"

Sananame. Wailesi ya kaseti inatsala imodzi yokha, ya bamboyo, nayonso inali itayamba kutafuna tepi.

Bamboyo sanatsutse, anangopempha miyezi iwiri. Kompyuta sankaidziwa, choncho anapita kwa mphunzitsi wina wa kusekondale, ndipo anaphunzira kulumikiza wailesi ku kompyuta ndi chingwe kuti asamutsire mawuwo m'kompyutamo. Kaseti siithamangitsidwa, ya ola limodzi imadya ola lathunthu. Iye anakhala pansi n'kumvetsera iliyonse. Tepi ikaduka ankailumikiza ndi selotepi n'kuikulunga ndi bolopeni. Akamaliza ankalemba dzina la wolankhulayo ndi mudzi wake. Kenako kabati inachoka, makompyuta analowa.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wogulitsa nsalu pamsika.

"Bambo, ndinamva kuti bambo anga anajambulidwapo. A Gwedeza, osula makasu. Anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Nkhope yawo ndimaiona pachithunzi, koma mawu awo sindiwakumbuka."

Bamboyo analemba dzinalo pa kompyuta, n'kutumiza mawuwo pa foni ya mayiyo. Mayi uja anaika foni kukhutu. Anamva mwamuna akukhosomola, kenako akufotokoza mofatsa mmene amapopera mvukuto kuti chitsulo chifiire. Anamvetsera mpaka kumapeto ataimirira pomwepo. Atapukuta maso ndi nsonga ya chitenje anati, "Amalankhula ngati mwana wanga wachiwiri."

Inu mukundimvera, nanunso pali chimene munasungitsidwa. Zatsopano zikafika musazitsekere chitseko, ndipo musathamangire kutaya zakale. Yambani mwakhala pansi, muphunzire, kenako n'kusamutsa chimene chili m'kati mwa zakalezo. Mwini wake ali m'njira, ngakhale simukumudziwa.