Dziwe Lopanda Ng'ona

Mlendoyo anati dzina lake ndi Alufandika Thole, wa ku Nsanje, ndipo chimene anapempha chinali chimodzi. Ankafuna munthu wodziwa phiri la Mulanje woti awaperekeze iye ndi mwana wake, awiriwo basi, tsiku lathunthu, kukaona maiwe a m'mwamba. Sanafune kuphatikizidwa ndi gulu la alendo ena.

"Mwanayu wakhoza mayeso a Sitandade 8," anatero bambo Thole, akuloza mtsikana wowonda amene anaima kumbuyo kwawo. "Ndinamuuza kuti asankhe yekha, diresi kapena nsapato. Iye n'kusankha phiri."

Amuna operekeza alendo, amene anakhala pansi pa mtengo wa mango m'munsi mwa phirilo, anaseka. Amene anaimirira ndi a Mulepa, bambo wamfupi, wosayankhulayankhula. Anayang'ana nsapato zakutchalitchi zimene bambo Thole anavala, kenako anatembenukira kwa mtsikanayo.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Chanazi."

"Chanazi, lamulo langa ndi limodzi. Kuimba uimbe, mafunso ufunse mpaka nditope. Koma m'madzi osalowa ine ndisanakuuze. Wamva?"

"Muli ng'ona, amalume?"

"Mulibe."

"Mvuu?"

"Mvuu ikwere bwanji kumeneko ndi mimba ija?"

"Nanga choopsa n'chiyani?"

"Madziwo."

Chanazi anabisa kuseka ndi dzanja. Iye anakulira m'mbali mwa Shire, ndipo kusambira anakudziwa asanadziwe kulemba dzina lake. Bambo ake anafotokoza monyadira kuti chaka chimene madzi anasefukira m'mudzi mwawo, mwanayu anasambira akukankha beseni, m'besenimo muli mlongo wake wakhanda, mpaka anakafika pachulu.

"Zimenezo ndamva, ndipo ndamupatsa ulemu," anatero a Mulepa. "Koma madzi a kwanu ndi ofunda ngati tiyi. Akuno ndi ena. Osalowa ine ndisanakuuze."

Ananyamuka dzuwa litangotuluka. Anadutsa m'minda ya tiyi, nalowa m'nkhalango, njira n'kuyamba kuimirira. Chanazi anali asanakwerepo chinthu chachitali kuposa chulu, komabe ankadumpha m'miyala ngati kambuzi. Amene anavutika ndi bambo ake. Thukuta linanyowetsa shati yonse, mpweya ukumveka ngati mpope wa njinga. Chanazi anaona kuti bambo ake akangoyamba kutsalira, a Mulepa ankaima n'kuyamba kuwaonetsa kanthu, kaya kaduwa komera pamwala, kaya apusi m'mitengo, ngati kuti aimira zimenezo. Anaonanso kuti chikwama cha bambo ake chasamukira paphewa la a Mulepa popanda wina kutchulapo.

Dziwe loyamba linali laling'ono, pathanthwe loyera, padzuwa. A Mulepa anati, "Pano ungaviike mapazi." Chanazi anavula nsapato n'kuponda. Madzi analekeza m'akakolo. Anali ozizira pang'ono, okoma. Koma chimene chinamudabwitsa n'chakuti ankaona zala za kumapazi ake zonse khumi, ndi timiyala tili pansi pake. Madzi a kwawo ndi ofiirira, munthu ukaviika mkono suonanso chikhatho chako.

"Ndi omwewa munkanena aja, amalume?"

"Awa ndi ana ake. Dzuwa lawawotha kuyambira m'mawa. Makolo ake ali kutsogoloku."

Dziwe lachiwiri linali m'munsi mwa mathithi. Madzi ankagwa kuchokera pamwamba penipeni, oyera ngati ufa, phokoso lake lotseka makutu. Bambo Thole anavula chipewa, n'kungoti kukamwa yasa. Chanazi anasendera m'mphepete, ndipo nthawi yomweyo anamva dzanja pamkono pake.

"Ndinati chiyani m'munsi muja?" a Mulepa anakuwa kuti amveke.

"Ndimangoona, amalume."

"Ona ndi maso. Mapazi akhale kuno."

Anafika padziwe lachitatu dzuwa lili paliwombo. Limeneli linali lalikulu ngati bwalo la mpira wa manja, lozunguliridwa ndi miyala yosalala, madzi ake obiriwira, ali zii. Mitambo ndi nsonga za phiri zinkaoneka m'madzimo ngati pagalasi. Kumapeto kwake kunali mpata pakati pa miyala iwiri, pamene madzi ankatulukira mwakachetechete n'kukagwera kuphompho. Munthu ukatembenuka unkaona dziko lonse lili pansi, minda ya tiyi ngati mphasa zobiriwira, nyumba ngati timabokosi ta machesi.

Anakhala pamthunzi kuseri kwa mwala waukulu, n'kudya chinangwa chophika ndi nanazi. Atatha, bambo Thole anati aimirire, koma anangobuula n'kukhalanso pansi. Mnofu wa katumba unali utakokana.

"Achimwene, mwendo wakana," anatero akuseka mwamanyazi. "Ife kwathu n'kosalala ngati tebulo."

"Musadandaule, akulu, phirili limapereka moni wotero kwa aliyense." A Mulepa anagwada, nawavula nsapato, n'kuyamba kuwatikita. Asanaweramenso anayang'ana mtsikana uja. "Chanazi, ili ndilo dziwe ndimanena lija. Pansi pake pamaoneka pafupi, koma amuna awiri atasanjikizana sangatulutse mutu. Madzi ake amachokera pansi pa miyala, dzuwa sawadziwa. Ukalowa, thupi limakana kukumvera. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Wamva iwe?" anawonjezera bambo ake.

"Ndamva, ababa."

Chanazi anakhala pamenepo kanthawi, akuthyolathyola kamtengo. Kenako anati akasambe m'manja, nanazi wamumata. Palibe anamuletsa, poti a Mulepa anali kalikiliki ndi mwendo, bambo ake atatsinzina ndi ululu. Anazungulira mwala uja, n'kupezeka ali yekha ndi dziwe.

Chanazi sanali mwana woipa. Kwawo, ana akapita kukasambira, mmodzi amatsala kumtunda kuti aziyang'ana ng'ona. Osambirawo nawonso amasambira diso lili kubango, khutu lili kwa mlonda, chikuni chilichonse choyandama chikuwadumphitsa mtima. Moyo wake wonse Chanazi anali asanasambirepo opanda mantha. Tsono apa panali madzi oyera, opanda bango, opanda matope, opanda chilombo chilichonse. Dzuwa linkamuwotcha pamsana. Anati mumtima mwake, amalumewa amazolowera ana a m'tauni osadziwa madzi. Ndingowoloka kamodzi n'kubwerako, diresi iuma asanathe kutikita mwendo.

Anavula nsapato ndi juzi. Anakwera pamwala. Anadumpha.

Madzi aja anamumenya ngati khofi la thupi lonse. Pakamwa panatseguka pokha, madzi n'kulowa. Anatulutsa mutu akutsokomola, nafuna kukoka mpweya, koma chifuwa chinali chitamangika ngati wina wachikulunga ndi lamba n'kukoka. Anayesa kuitana bambo ake. Mawu sanatuluke. Panangotuluka kaphokoso ngati ka mwanapiye.

Anaponda kuti aime, poti miyala inkaoneka pafupi. Phazi silinapeze kanthu. Anapondanso. Palibe.

Pamenepo anakumbukira kuti amadziwa kusambira, ndipo anapalasa kulinga kumwala umene anadumphira. Anaufika, naugwira, koma mwalawo unali ndi ndere, woterera ngati sopo. Zala zinatsetsereka. Anagwiranso, zinatsetserekanso. Kachitatu zala zinakana kupinda. Anaziyang'ana, zili zotuwa, zolimba ngati timitengo, ngati si zake. Dzanzi linayambira kumapazi, n'kukwera m'mawondo, n'kufika m'chiuno. Miyendo imene inakankha beseni tsiku la chigumula inangolendewera m'madzi, yosamva chilichonse.

Kenako anazindikira kuti mwala uja ukutalikira. Iye sankasambira, koma ankayenda. Madzi amene ankaoneka ogona aja ankamutenga pang'onopang'ono, mosafulumira, kulinga kumpata uja. Anayamba kumva mkokomo wa kuphompho, umene ali kumtunda sanaumve. Kuseri kwa mwala bambo ake anaseka ndi nthabwala ina ya a Mulepa. Anali pafupi kwambiri, mwina mapazi makumi awiri, koma sankadziwa kanthu. Madzi anafika pachibwano. Anafika pamlomo. Kenako mantha anayamba kuchepa, n'kubwera tulo, ndipo imeneyo ndiyo inali nthawi yoopsa kuposa zonse.

"Mayo ine! Mwana! Mwana m'madzi!"

Anali mayi wina amene ankatsika phiri atasenza mtolo waukulu wa udzu wopangira matsache. Sanataye nthawi. Anamasula nsonga ya chingwe chomangira mtolowo, naikulunga padzanja, n'kuponya mtolo wonse m'dziwe. Unagwera pafupi ndi nkhope ya Chanazi, n'kuyandama.

"Kumbatira! Usagwire ndi zala, kumbatira ndi mikono! Iwe, ndiyang'ane ine! A Mulepa, thamangani kuno!"

Chanazi anaponya mkono umodzi pamwamba pa udzuwo, kenako wina. A Mulepa anatulukira akuthamanga, nagwira chingwe pamodzi ndi mayiwo, n'kukoka. Mtolo utayandikira, anagona chafufumimba pamwala, natambasula dzanja, n'kugwira kolala ya diresi. Nthawi yomweyo mfundo inamasuka. Udzu wonse unabalalika pamadzi, n'kuyamba kulowa pampata paja pang'onopang'ono, mpaka unatha.

Anamugoneka pathanthwe lotentha, ndipo anasanza madzi. Milomo inali itada, mano akugundana. Mayi aja, amene a Mulepa ankawatchula kuti Mayi Namaona, anauza a Mulepawo kuti atembenuke, namuvula diresi yonyowa, namuveka juzi yake ija. Anamasula chitenje chawo n'kumukulunga, kenako anamukhazika pamiyendo n'kumufungatira ngati khanda, akumupukuta tsitsi ndi mpango wa kumutu kwawo.

"Mwana wa yani iwe? Makutu unasiya kwanu?" ankatero, koma manja awo ali phee pamsana pake. "Puma, mwananga. Puma. Watuluka."

Bambo Thole anafika akutsimphina, phazi limodzi lopanda nsapato. Chanazi anayembekeza kukalipiridwa. Koma bambo ake anangogwada, nagwira phazi lozizira la mwanayo ndi manja awiri, misozi ikutsika. Zimenezo zinamupweteka kuposa chikwapu.

"Amalume," anatero Chanazi mawu atabwerera, "ndinamva zimene munanena. Ndinangoganiza kuti..."

"Ndikudziwa zimene unaganiza," anayankha a Mulepa. "Amene amandiopsa ine si osadziwa kusambira. Amenewo amakhala patali. Amandiopsa ndi akatswiri ngati iwe."

Ulendo unathera pomwepo. Potsika a Mulepa anamubereka kumsana, bambo ake akutsatira ndi ndodo. Nkhungu inayamba kutsika, mphepo n'kuzizira. Chanazi ankayang'ana Mayi Namaona amene anali patsogolo, atangovala kadiresi kopyapyala, mikono atapingasa pachifuwa, kumutu kulibe katundu. Analawirira m'bandakucha, namweta udzu m'mawa wonse m'malo otsetsereka, ndipo ankabwerera kwawo chimanjamanja. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Pamphambano anangoti, "Chitenjecho akhale nacho, asazizidwe," n'kukhotera kwawo.

Pamtengo wa mango paja anzawo a Mulepa anafunsa chimene chachitika. Chanazi anabisa nkhope.

"Watopa," anatero a Mulepa. "Wayenda kuposa akuluakulu." Ndipo anapitirira nawo kunyumba kwawo, kumene akazi awo anawalandira kuti agone.

Tsono ana inu, mverani. Chanazi anapulumuka chifukwa mayi wina anadutsa panjira ija pa nthawi yake. Akanachedwa pang'ono pokha kumanga mtolo wawo, bambo Thole akanabwerera ku Nsanje ndi nsapato ndi juzi basi. Mukafika malo achilendo, munthu wa kumeneko akakuuzani kuti apa ayi, musafunse kuti chilombo chake chili kuti. Zimene mumadziwa kwanu n'zoona, koma n'za kwanu. Choopsa china sichikhala ndi mano, sichibangula, chimaoneka chokongola ndi chodekha. Amene wakuchenjezani anaona zimene inu simunaone. Mverani, ngakhale mukudziona kuti ndinu akatswiri.

M'mawa mwake Chanazi anasita chitenje chija, chimene anachichapa madzulo, ndi nsimbi yamakala ya Mayi Mulepa. Anapempha bambo ake kuti akachibweze, ndipo Mayi Mulepa anamulozera nyumba ya Mayi Namaona, yachitatu kuchokera pampopi. Anaodira, koma kunalibe munthu. Mnansi anati Mayi Namaona alawiranso kuphiri kukamweta udzu wina.

Chanazi anaima pakhomopo, chitenje chili m'manja. Anaona ndowa ziwiri pakhonde, zopanda madzi, ndi masamba a mapeyala ali mbwee pabwalo. Anaika chitenje pamtondo, natenga tsache n'kusesa bwalo lonse mpaka kuseri kwa khitchini. Kenako anapita kumpopi kawiri, nadzaza ndowa zonse, n'kuzivundikira bwinobwino. Minibasi yoyamba inaima pamsewu, kondakitala akuitanira, koma bambo Thole anaikupizira dzanja kuti ipite, n'kukhala pamwala kumudikira.