Foni ya ku Woodlands

Chaka chomwe a Gilson Miti anakwezedwa pantchito n'kusamuka ku komboni ya Kabwata kupita ku Woodlands, dera la mabwana, m'nyumba ya kampaniyo anapezamo foni yakuda bii, itakhala pa katebulo kakekake. Masiku amenewo foni sinali ya aliyense. Bamboyo anaikonda ngati mwana wachisamba. Mkazi wawo Imelda akaipukuta fumbi m'mawa, iwo ankabwera kudzapukutanso pomwe papukutidwa kale.

Foniyo inawadula miyendo a Gilson. Mnansi akagonekedwa m'chipatala, ankaimbira anamwino n'kufunsa mmene wagonera. Wina akabereka, ankayamikira pa waya. "Dziko yapita pasogolo," ankatero. "Nanga nizisiliza nsapato pa nkhani ya maminiti yabili?"

Ku Kabwata anasiyako mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, Bwembya Chisanga, Mbemba. Awiriwa anali pa chimbuya, paja Abemba ndi anthu a kum'mawa monga a Gilson amanyozana mwachibale, Mbemba kuseka mnzake kuti amadya mbewa, winayo kubweza kuti inu mumadya anyani. Koma chimbuya sichithera m'kamwa. Maliro akagwa kwa Mbemba, a kum'mawa ndiwo amawaza nkhuni, kunyamula bokosi ndi kuseketsa ofedwa misozi ikachuluka. Akagwa kwa a kum'mawa, Abemba amachita chimodzimodzi.

Lachiwiri lina m'mawa kunafika uthenga woti bambo ake a Bwembya atisiya. Imelda anamanga chitenje nthawi yomweyo.

"Atate ake Rhoda, tiyeni. Imwe ndimwe ambuya, bazakuyembekezani."

"Yenda iwe. Ine nili na miting'i. Nizatuma foni."

Kwa a Chisanga kunalibe foni, choncho a Gilson anaimbira kwa Winifred, namwino wa nyumba yachitatu, kuti akawaitanire Bwembya. Wofedwayo anadzuka pambali pa mayi ake, maso ali psuu, n'kuthamanga poganiza kuti ndi achibale a kumudzi.

"Shani, mbuya," anayamba a Gilson ndi moni wa Abemba, mwendo uli pamwamba pa unzake. "Namvela mudala wayenda. Manje anyani bazapumulako."

Nthabwala yomweyo ikananenedwa pabwalo la maliro, munthu nkhwangwa ili m'manja, thukuta lili kamukamu, anthu akanaseka mpaka wamasiye yemwe. Koma pa waya inafika yokhayokha. A Gilson sanaone kuti mnzawoyo wagwira khoma kuti asagwe. Anangomva zii, kenako foni n'kuduka, ndipo mlandu wonse anaukankhira mawaya a ku Kabwata.

Patapita miyezi isanu, a Saul, mkulu wawo wa a Gilson, amene anabwera kuchokera ku Chipata kudzafuna mankhwala, anamwalira. Maliro anasonkhanira ku Woodlands. Amayi a ku Kabwata anabwera chifukwa cha Imelda, ndipo m'nyumba nyimbo zinkamveka bwino. Panja ndiye panali pochititsa manyazi: mipando mbwee yopanda anthu, mabwana awiri a masuti oyang'ana mawotchi, nkhalamba zitatu zochokera kumudzi, ndi mulu wa nkhuni zosawaza. Foni yokha ndiyo inachita khama, inalira tsiku lonse, anthu akupepesa mwaulemu kwambiri.

Amalume awo, mmodzi wa nkhalamba zija, anawakokera pambali. "Mphwanga, zaka makumi awiri m'tauni muno, ulibe ambuya? Mawa masana tikuika. Bokosi la mbale wako unyamula wekha?"

A Gilson anagwidwa nthumanzi. Kutacha anapita pa katebulo kaja, koma dzanja lisanafike, Imelda anayankhula ali pakhomo.

"Mukaigwila iyo, ine nibwelela kwathu. Galimoto ili panja."

A Gilson anakwera galimoto kupita ku Kabwata, ndipo anapeza Bwembya akumata chubu cha njinga pakhonde. Sanaimirire, ndipo liwu loti mbuya silinatuluke.

"Mwabwela, ba Miti. Ba mayo bali mukati."

Mayi wamasiyeyo anali pamphasa pakona, atavala zakuda. Anali ataonda moti a Gilson, amene anadya za m'manja mwawo zaka zambiri, anachita kuyang'ana kawiri. Anakhala pansi, suti ili m'thupi, akuwerengera kuti apepesa mwachidule n'kunena chomwe adzera. Koma wodzapepesa maliro amayamba wamva mmene imfa inayendera, ndipo mayiwo anayambira pachiyambi penipeni. Anafotokoza za chifuwa cha m'nyengo yozizira, za mapiritsi amene anasowa m'tauni monse, za basi imene inawasiya pa siteji wodwala ali kumsana kwa mwana wake, za tsiku limene mdalayo anakana phala. A Gilson ankaba maso kuyang'ana wotchi. Ola linatha, ku Woodlands anthu akudikira.

"Mu chipatala anali kukufunsa, mwana wanga," anatero mayiwo.

"Ine?"

"Iwe. Ati uja wa mbeba abwela liti anigeleko ndevu. Waibala kuti ndiwe wenze kumugela pa Chibelu paja pa mango? Bwembya anayesa, anakana. Ati kwanja yake ni yolema, niyembekeza Gilson. Nenze kumuuza ati watuma foni ku ma nurse. Angopindamuka, ayang'ana ku chipupa." Anakonza mpango wawo kumutu. "Anayenda na ndevu zake."

A Gilson sanayang'anenso wotchi. Anakumbukira kampando kamatabwa ka Loweruka lililonse, sopo wa m'kachitini, ndi mdala uja akuwatukwana mwachikondi lezala ili pakhosi. Chisoni chinawagwira chenicheni, ndipo analira ngati mwana, mayi wamasiyeyo n'kukhala wowatonthoza. Za bokosi la ku Woodlands sanathe n'kuzitchula komwe.

Bwembya anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, manja ali bii ndi mafuta a njinga. Anawasiya alire mpaka atatopa. Kenako anatuluka, n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo mumzere wonsewo. Pobwerera anali ndi azibambo asanu ndi atatu, wina atapachika nkhwangwa paphewa.

"Imani, mbuya," anatero. "Tamvela kuti mbeba za ku Chipata zavina usiku wonse, ati wozidya wayenda. Tiyeni tikamunyamule, asatichedwese."

A Gilson anaseka misozi ili m'masaya. Mwambo unachedwa ndi ola lathunthu, mabwana a masuti aja n'kuthawa usanathe, koma a Saul anapita kumanda pamapewa a Abemba, mwaulemu wake wonse. Pobwerera a Gilson anapempha kuti awaonetse pomwe anagona bambo ake a Bwembya. Anaima pamenepo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja, akudziwa kuti zina munthu ukachedwa nazo wachedwa basi. Akuluakulu sananame ponena kuti maliro n'kulirana.