Kompyuta Yomwe Inakhuza Maliro

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli, pachipatala china panali makompyuta awiri apachibale. Yaikulu inkasunga mayina a odwala ndi mankhwala awo. Yaing'ono, m'kachipinda ka kuseri, ntchito yake inali kukopera basi. Kanthu kakasintha, yaikulu inkalemba m'kaundula wake wotchedwa logi, n'kumadikira. Mng'ono akati, "Ndalandira achimwene," m'pamene inkafufuta. Akapanda kuyankha, logi inkangofufuma.

Ndiye a Kanyenda, oyang'anira kachipindako, anamwalira.

Mayi Nasimango, mkulu wa anamwino, anazimitsa yaing'ono ija, kuifunditsa chitenje, chitseko gwa! "Za malemu sitikhudza abale asanabwere. Alipo akufuna kulota a Kanyenda pano?" Abalewo anali ku Chitipa, mvula ili pakati. Masiku makumi anayi anadutsa.

A Chimbalanga a mu ofesi, yaikulu itayamba kulira pii! pii! kuti disiki, nkhokwe yake ya m'kati, ikudzaza ndi logi, anaikalipira: "Iwe, ukundisokoseranji? Ndine amako ine?" Anamata pepala pa kauthenga kochenjeza ka pagalasi la kompyutayo n'kuzula sipika. Zii.

Lolemba lina disiki inadzaza tho, osalandiranso ngakhale dzina limodzi. Mzere wa odwala unafika kumsewu, ena amati mpaka ku Mozambique. Dzoole, katswiri wochokera kuboma, anatulukira thukuta lili kamukamu. Ankadziwa kuti akafufuta logi, malo apezeka, koma mng'ono sadzakoperanso zomwe zinam'pita. Koma kiyi wa kachipinda kaja anali atapita ndi Mayi Nasimango kumsonkhano ku Mangochi, ndipo bambo wina wa shuga anali atakomoka pamzere. Anafufuta. Anthu analandira mankhwala, n'kumunyamula Dzoole m'mwamba ngati wagoletsa chigoli.

Lachinayi mphenzi inawotcha yaikulu, psiti! Atavundukula yaing'ono, inawapatsa moni wa mu Januwale, mwezi womwe anaizimitsa. Odwala atsopano mazana atatu, osadziwika kuti ndani amamwa chiyani. Mayi wina wa mwana kumbuyo anabwezedwa katatu, "Simuli m'makina, mayi," mpaka anasiya kubwera. Palibe anakamufunafuna, poti adiresi yake inapsera momwemo.

Kalata yochotsa ntchito inabwera imodzi yokha, pa dzina pali mpata.

Mayi Nasimango, manja pachifuwa: "Ine ndinalemekeza maliro."

A Chimbalanga, mimba patsogolo: "Ine kusukulu sanandiphunzitse chilankhulo cha mapiipii."

Dzoole, maso ali psuu: "Mumafuna bambo aja afere pamzere?"

Cholembera ndi ichi, anzanga. Pampatapo tilembepo dzina la ndani?