Chidindo Chosatchula Ola

Kalekale, chaka chimene chimanga chinauma chisanabereke, pamsika wina kufupi ndi Luchenza panali chigayo cha Mayi Etinala Makwinja. Lachiwiri lina m'mawa mayiwo anapukuta ufa pa injini ndi kansanza monga ankachitira malemu amuna awo, anagwira lamba kuti amve ngati ali wolimba, natseka chitseko. Kenako anakwera minibasi kupita kukhoti.

Chigayocho chinali chikole. Amuna awo anakongola ndalama kukampani ina, ndipo atamwalira mvula inadula, anthu anasowa chogayitsa. Kampani inalengeza kuti Lachiwiri lomwelo idzagulitsa chigayo pa okushoni. Munthu wina wodziwa malamulo anawauza mayiwo kuti wolephera kubweza ngongole atha kupempha khoti limuteteze: katundu wake asagulitsidwe kaye, mpaka onse omufuna ndalama atakhala pansi n'kumvana.

Kukhoti anakhala pabenchi nthawi yaitali. Poyamba anawauza kuti woweruza sanafike. Atafika, kalaliki wosunga chidindo anali atatuluka. Pamapeto pake chikalata chinadindidwa, ndipo anachipinda bwinobwino n'kuchimanga m'chitenje.

Kumsika kuja anthu anali atapangana zawo. Anati wogula katundu wa namfedwa amagula ndi misozi yomwe, choncho pasapezeke wokweza dzanja. Ankayesa kuti onse akakhala chete, wogulitsa adzatopa n'kubwerera. Koma pagulupo panali mlendo, Bambo Likaomba a ku Mulanje, amene analondera esiteti ya tiyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndipo anabwera ndi ndalama zawo zopumira pantchito. Za pangano lija sanamve. Anatchula kamtengo kochepa kongoyambira, akudikira kuti ena apikisane nawo. Palibe anayankha. Wogulitsa anafunsa katatu, namenya nyundo.

Mayi Makwinja anafika dzuwa litapendeka, napeza loko wachilendo pachitseko. Anaonetsa chikalata. Wogulitsa anayang'ana chidindo nati, "Tsiku ndi lero ndithu, mayi. Nanga ola lili pati?"

Ola panalibe, choncho sizinadziwike chimene chinayamba: chidindo choletsa malonda kapena nyundo. Kalaliki, atafunsidwa pambuyo pake, anati iye amadinda zikalata zambiri ndipo sayang'ana wotchi. Wogulitsanso m'buku lake analemba tsiku lokha. Ena amati nyundo inalira ana a sukulu asanaweruke, ena amati ataweruka.

Anthu a pamsika anabwera kudzawapepesa. "Ife timati tikuthandizeni, alamu," anatero mayi wina wogulitsa tomato.

"Mukanakweza manja," anayankha Mayi Makwinja. "Mtengo ukanakwera, ngongole ikanatha, pakanatsala kanga. Tsopano chigayo chapita, ndipo kampani ikuti theka la ngongole ndikadali nalo."

Anapita kusitolo, nagula loko wawo, namukoleka pamwamba pa wa mlendo uja.

Nkhani itabwerera kukhoti, anthu atatu anayankhula.

Mayi Makwinja anati, "Ine sindinathawe ngongole. Ndinabwera ndekha pakhomo lino m'mawa, chikalata chonse chili m'manja mwanga, chikungosowa chidindo. Ngati chinachedwa, chinachedwa pabenchi lanu lomweli. Chigayo chibwerere, chigaye, ndibweze aliyense pang'onopang'ono."

Bambo Likaomba anavula chipewa nati, "Bwana, ine sindinabe. Anaitana poyera, ndinayankha poyera, ndinalipira pomwepo, lisiti ndi ili. Mtengo ndinatchula wochepa, inde, koma kodi ndinatseka pakamwa munthu? Ndalama zotsala ndagulira kale dizilo ndi masefa. Kampani ikuti zimene inalandira sizituluka mpaka mlandu utatha. Ndagona panja zaka zonsezi kuti ndikakalamba ndigone m'nyumba. Ngati nyundo ikalira n'kutheka kubweza, adzagulanso ndani pa okushoni?"

Wachitatu anali Jemusoni Khoviwa, bambo wa ana asanu, amene ankayendetsa chigayocho ndipo anagwira miyezi isanu ndi iwiri osalandira malipiro. Iye anati, "Awa akulira chigayo, awa akulira ndalama zawo. Ine ndinapirira chifukwa malemu anali ngati achimwene anga. Malonda aja akakhala momwemo, kampani idya yokha, ine ndituluka ndi ufa wa m'tsitsi. Chikabwerera kwa amayi, ndidikiranso kukolola kumene sindikudziwa ngati kudzabwera. Chigulitsidwenso, anthu akweze manja ngati anthu, tigawane tonse."

Mayi Makwinja anamuyang'ana Khoviwa nthawi yaitali. Ndiye amene ananyamula nawo bokosi la maliro a amuna awo.

Woweruza anatembenuza chikalata chija, nayang'ana kumbuyo kwake, ngati kuti ola lingapezeke kumeneko. Kenako anaimitsa mlandu.

Mvula inagwa bwino chaka chotsatira, ndipo anthu a pamsika paja ankasenza matumba a chimanga kukagayitsa kutali. Tsiku lililonse Mayi Makwinja ankadutsa pachitseko chija popita kumunda, osaima. Maloko onse awiri anachita dzimbiri.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tiuzeni: achotse loko wake ndani, Mayi Makwinja kapena Bambo Likaomba, kapena onse awiri monga akunenera Khoviwa?