Munthu Wodya Mizere

Kalekale, m'mudzi wina wa patsinde pa phiri, munali munthu ndi mlongo wake. Mayi awo pomwalira anawasiyira munda umodzi. Anaugawa pakati, nabzala khonje pamalire.

Chaka choyamba mwamunayo anati, "Mzere umodzi n'chiyani?" Anazula khonje, nalisuntha, nalima mzere wa mlongo wake. Mvula inagwa, inafafaniza mapazi. Chaka chotsatira, mzere winanso. Anazula, anasuntha, analima. Anazula, anasuntha, analima. Zaka khumi! Nkhokwe yake inkadzaza mpaka kudenga. Ya mlongo wake inkatha Khirisimasi isanafike.

Nthano iyi ndinkasimbira adzukulu tsiku lina pamoto, dzuwa litangolowa. Nditafika apa ndinaima, poti mathero ake ndinalibe. Mlongo wanga Nangondo anali pakhonde akutong'ola chimanga.

"Ndiye zinatha bwanji, agogo?" anafunsa Tiyese.

"Tiyeni tiilime nthanoyi," ndinatero. "Kokani dothi ndi manja, mupange mizere."

Ana anagwada pabwalo, nakoka timizere tambirimbiri. Chitsononkho chinakhala khonje. Tiyese anakhala mwamuna uja, mlongo wake Mwatitha anakhala mkazi uja.

"Ndikaomba m'manja, chaka chatha," ndinawauza. "Tiyese, uzisuntha."

Phaa! Anasuntha. Phaa! Anasuntha. Ana ankaseka. Koma kamunda ka Mwatitha kankachepa, ndipo iye analeka kuseka. Kenaka anadzuka, manja m'chiuno.

"Iwe, mbava iwe! Ana anga adya chiyani?"

"Si ine!" anakuwa Tiyese. "Ndi agogo akuomba m'manjawa!"

Manja anga anauma m'malere. Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo, mawu okometsa sindiwadziwa. Ndinangoyang'ana kukhonde.

"Achemwali, mwanayu wanena zoona. Munthu uja ndine. Mizere khumi ndinakudyerani."

Ndinaganiza kuti adzuka n'kupita, osadzapondanso pakhomo panga. Iwo anangosasa gaga pachitenje.

"Khumi ndi umodzi, achimwene. Chaka cha dzombe mwaiwala."

"Mumadziwa?"

"Munda wa amayi ndingausokoneze ine? Ndimadikira kuti pakamwa panupo patseguke tisanafe. Mawa mulawire ndi khasu. Koma muzula nokha, ine msana."

Ndinaseka, misozi ikutsika. Chifuwa chinapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni zaziwisi.

M'mawa tinapita tonse, ana akuwerenga mokweza. Ndinazula, ndinabweza, ndinakwirira. Pa mzere womaliza Mwatitha anati, "Agogo, muwonjezere umodzi wopepesera!"

"Mwamumva mwanayo?" anatero Nangondo.

Ndinawonjezera.

Nthano yanga yathera pamenepa, ana inu, kasambeni m'manja. Chimene unatenga mwakachetechete, ukachibweze anthu akuona.