Gologolo ndi Mapazi Obwerera Pachipata

Kalekale, inu ana, ndi inu akuluakulu amene mukunamizira kusamva, panali mphambano ya njira zinayi. Pamphambanopo panali mkuyu umodzi wokha, wa mthunzi wozizira ngati madzi a mumtsuko. Pansi pa mkuyuwo Gologolo ankagulitsa thobwa, ana ake atatu akusewera pafupi.

Tsiku lina kunabwera Nguluwe, mimba patsogolo, mwini wake pambuyo. Anayang'ana mthunzi, anayang'ana nyama zili mbwee kumwa thobwa, basi anati mkuyuwo anadzala ndi agogo ake. Gologolo ankadziwa kuti ndi bodza, koma anawaona mano aja, ananyamula mtsuko wake n'kuchoka. Nguluwe anati poti iye ndi wachifundo, Gologolo azibwera kudzasesa m'mawa uliwonse, azipatsidwa zotsalira pansi pa mtsuko. Ana aja anayamba kuswera padzuwa, wamng'ono mpaka thukuta linamutulutsa timatuza m'khosi. Gologolo akamuona, mtima unkamuwawa. Ankaufuna mthunzi wake.

Nguluwe anamanga mpanda kuzungulira mkuyu, anasiya kachipata kamodzi. Kukacha ankakwera pachulu n'kumakuwa kuti thobwa lozizira, thobwa la uchi, bwerani mudzamve. Mawu anali nawo bamboyo, kumveka mpaka kutsidya kwa dambo. Nyama zinkabwera ndithu, zambirimbiri, kukhosi kuli gwa.

Koma zikafika pachipata, Nguluwe ankaimika mimba pakhomo. Dzina lako ndani? Kwanu n'kuti? Mai ako ndi a mfunda wanji? Ukayankha zonsezo, umve kaye nyimbo yotamanda thobwalo, ndime zisanu ndi imodzi, woimba yemweyo. Ikatha nyimbo, ugule kaye mbatata yadzulo. Ukalowa, udikire akafunefune chikho. Chikapezeka chikho, uchi uja palibe, ati njuchi zapita kumaliro.

Madzulo Nguluwe ankadzigunda pachifuwa kuti lero kunabwera khamu. Koma mtsuko uli tho, thobwa likusasa.

Gologolo ankasesa, kwee, kwee, kwee. Ndipo mukudziwa amene mumasesa, pabwalo sipanama. Ukasesa m'mawa, mawa lake dothi limakuuza zonse. Iye asanakhudze tsache ankayamba wawerama kuona mapazi. Anaona a Mbawala afika pachipata, tembenu, abwerera. A Njati afika pachipata, apalasa pansi ndi ukali, tembenu. A Nkhanga ndi anapiye ake alowa pang'ono, afika pa mbatata paja, tembenu. Amene anapirira mpaka kufika pamtsuko anali a Kamba okha, ndipo Kambayo mwina kutembenuka kunkamuvuta.

Anawatsata mapazi obwererawo. Onse ankadutsa pa chitsa china chopserera, padzuwa pa mtetete, pomwe ngakhale buluzi sangagone.

Poti anali munthu wabwino, anayamba wamuuza mwini wake.

"Achimwene, alendo anu akuthera pachipata. Bwanji muziwamwetsa kaye, mafunso pambuyo?"

"Iwe ntchito yako ndi tsache," anatero Nguluwe. "Za malonda uzisiyira ife a mitu ikuluikulu."

Gologolo anati zikomo, anapita kukanyika chimera.

Patapita masiku, anaika mtsuko wake pa chitsa chija. Sanakuwe ayi, wokuwa analipo kale. Nguluwe ali pachulu, bwerani, bwerani, nyama zikubwera, zikufika pachipata, tembenu, zikupeza Gologolo ali chilili, chikho chodzaza chili kale m'manja. Asanafunse dzina, asananene kanthu, chikho chija pakamwa. Gubudu, gubudu, gubudu. Mbawala anamwa, anapuma, anati ampatsenso china. Dzina ankalinena yekha mlendo, mimba itazizira, pamodzi ndi nkhani za kwawo zomwe sanafunsidwe n'komwe.

Gologolo sanasiye kuwerama. Ankasesanso pa chitsa pake n'kumaona mapazi. Mapazi ochoka analipo ambiri, koma sanadandaule, pakuti palibe amene amabwera kudzamanga nyumba pa thobwa. Wokhuta amachoka mwaulesi, mapazi ake amakwekwereza, amaima apa, amaimanso apo kutsanzika. Amene ankamuvutitsa mtima anali otalikirana, a munthu wochoka mothamanga. Anaona kuti a miyendo yaifupi, Kanyimbi ndi Nungu, akumwa chikho chimodzi n'kuthawa. Anayeza chipika chimene ankakhalapo alendo, anapeza kuti n'chachitali, anzathuwo ankalendewera miyendo. Anayala mphasa. Anaonanso kuti Nkhanga sakhalitsa, anapiye amamukoka. Anamwaza gaga kumbali, anapiye n'kutanganidwa, mai wawo anakhala mpaka dzuwa kupendeka, akunena za apongozi ake.

Nguluwe ataona kuti nyama zikumuthawa, anaganiza ndi mutu waukulu uja. Anati vuto ndi chipata, chimatulutsa anthu. Njati atangolowa tsiku lina, iye anatseka chipatacho ndi mtengo, ati satuluka mpaka amwe zikho zitatu. Njati anangowerama, phwanyu, anatuluka ndi theka la mpanda m'nyanga, anakafika nalo kwa Gologolo, anapempha thobwa. Nkhuni za sabata yonse zinapezeka choncho.

Apo Nguluwe anakhala pansi kuyang'ana khamu lili pa chitsa, kuseka, kuomba m'manja, padzuwa. Kwake mthunzi uli zii. Anati ayi, pali chinthu pa chitsa chimenechi. Anapita mimba patsogolo.

"Iwe Gologolo, unakwirira chiyani pamenepa?"

Gologolo anayang'ana pansi, anaponda tsinde la chitsa ngati akubisa kanthu.

"Palibetu, achimwene. Ndi chitsa chabe."

"Ndakuona phazi lakolo. Chitsa ichi anadula ndi agogo anga. Choka."

Gologolo anayamba kulira, misozi yeniyeni, poti anali atafikisa utsi m'maso. Anati nanga ana ake apita kuti, malo amwayi okhawa ndi amenewa, ku mkuyu kuja kunalowa tsoka, sikufikanso munthu. Nguluwe atamva kuti tsoka, makutu anaima. Anati ndiye bwino, Gologolo atenge mkuyuwo ndi tsoka lake lomwe, iye atenga chitsa.

"Mudzasintha mawa inu," anatero Gologolo akupukuta m'maso. "Mukadzaona dzuwa mudzandithamangitsanso."

Nguluwe anaitana Njati, anaitana Kamba, anaitana onse amene anali pamphasa. Analumbira pamaso pawo kuti mkuyu ndi wa Gologolo ndi ana ake ndi zidzukulu zake, iye akadzaukhudzanso, Njati adzachite naye zimene anachita ndi mpanda. Njati anati mawu amenewo wawamva bwino, ndipo wawakonda.

Gologolo ananyamula mtsuko akusisima, ana pambuyo. Atangofika mumthunzi, kusisima kunasanduka nthungululu. Anagwetsa mpanda wotsalawo, anayala mphasa, anagoneka wamng'ono uja pozizira. Nyama zonse zinanyamuka ndi zikho zawo kumutsatira.

Nguluwe anakumba pa chitsa tsiku lonse, anapeza chiswe. Mawa lake anamanga mpanda kuzungulira chitsacho, anasiya kachipata kamodzi, anakwera pachulu, thukuta lili kamukamu, bwerani, bwerani. Nyama zinabwera, zinafika pachipata, dzina lako ndani, tembenu, ulendo wa kumkuyu. Gologolo ankamutumizira chikho chimodzi masana aliwonse kuti mawu asamuthere, pakuti woitana alendo ngati ameneyo sangapezekenso.

Nthano yanga yatsamira pamenepo, amene anaika mbatata paphulusa akaione isanapse. Koma inu amene mumadandaula kuti alendo sakhalitsa pakhomo panu, musanathamangire kwa sing'anga, mawa m'mawa mubwereke tsache langa.