Mfunda wa Bwana Woyendera

Iyi ndiye muimve. Nachisale ankasamalira odwala m'makomo mwawo, koma chilolezo analibe. Tsiku lina bwana woyendera za umoyo anamupezerera pakhomo pa nkhalamba ina yosadzuka.

"Mayi, ntchitoyi ithere pompano! Wopanda chilolezo azisamalira abale ake basi."

"Ndamva, bwana. Kodi paja mfunda wanu ndani?"

"Mphadwe."

Nachisale anakuwira m'nyumba: "Agogo Mphadwe, mwayi wanu! Mbale wanu wafika!"

Nkhalambayo, imene chibadwire inali Banda, inayankha msangamsanga: "Lowa mdzukulu wanga, ndadzionongera kalekale!"

Nachisale anapatsira bwana beseni ndi sopo, n'kuuyamba ulendo.

Bwana atangosuzumira, fungo linamubweza chafutambuyo.

"Mayi, tabwerani! Ndayang'anitsitsa, inu ndi agogowa mphuno ndi imodzi. Ndinu pachibale, pitirizani!"